Mount St. Helens patapita zaka zoposa 40 chiphulikireni: mafunso ndi mayankho

Chibwerereni ku America, kumene ndinakacheza kwa mwana wanga amene amagwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Portland, anthu kuno ku Chipata akhala akundifunsa za tsiku limodzi lokha la ulendo wonsewo, tsiku limene tinapita kukaona phiri lophulika. Ena ndi ana amene ndinkawaphunzitsa jogalafe ndisanapume pa ntchito, ena ndi anzanga a kutchalitchi, ndipo enanso ndi alimi a ku Katete ndi ku Chadiza amene chidwi chawo chili pa nthaka. Popeza mafunso ake amakhala omwewo, ndawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta kukafika ofuna kufotokoza mozama.

Kodi phirili lili kuti, ndipo ndi lalitali bwanji?

Mount St. Helens lili m'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa United States, pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Portland ndi oposa 150 kuchokera ku Seattle. Chigawochi sichikugwirizana ndi Washington, D.C., likulu la dzikolo, limene lili kutali kwambiri kum'mawa. Phirili ndi limodzi la mapiri a m'ndandanda wa Cascade, ndipo eni nthaka a mtundu wa Cowlitz amalitcha Lawetlat'la.

Lisanaphulike linali lalitali mamita 2,950, kutanthauza kuti linkangotsala pang'ono kufanana ndi nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, imene ili mamita 3,002. Lero ndi lalitali mamita pafupifupi 2,550. Mamita 400 a pamwamba anachoka m'mawa umodzi, ndipo pamene panali nsonga pali chidzenje chachikulu chotseguka mbali ya kumpoto, chooneka ngati mphika wosweka mbali imodzi.

Chinachitika n'chiyani kwenikweni pa 18 May 1980?

Phirili linayamba kupereka zizindikiro m'mwezi wa March chaka chomwecho. Kunayamba zivomerezi zing'onozing'ono, ndipo pa 27 March linatulutsa nthunzi ndi phulusa koyamba patapita zaka zoposa 100 lili chete. Miyala yosungunuka imene inkakwera kuchokera pansi sinatulukire pamwamba, koma inkakankha mbali ya kumpoto, moti mbaliyo inatupa ngati chithupsa, ndipo inkakula pafupifupi mamita awiri tsiku lililonse.

Lamlungu pa 18 May, nthawi ili 8:32 m'mawa, kunachita chivomerezi champhamvu ya 5.1, ndipo mbali yotupayo inagumuka yonse nthawi imodzi. Kumeneku ndi kugumuka kwa nthaka kwakukulu kuposa kwina kulikonse kumene anthu analembapo m'mbiri. Dothi ndi miyala zinatsetsereka makilomita oposa 20 m'chigwa cha mtsinje wa North Fork Toutle, n'kuchikwirira. Chivundikiro chitachoka motero, mpweya wotentha umene unali utapanikizika mkati unatulukira cham'mbali, monga zimachitira botolo la thobwa lowira mukalitsegula mutaligoneka. Mpweyawo, wosakanikirana ndi miyala ndi phulusa, unagwetsa kapena kupsereza nkhalango ya masikweya kilomita pafupifupi 600. Kenako phulusa linakwera makilomita oposa 20 m'mwamba kwa maola pafupifupi 9, ndipo mumzinda wa Yakima, kum'mawa kwa phirilo, kunada bii masanasana mpaka magetsi a m'misewu anayaka.

Ndiye kuti chiphalaphala chamoto, chija timaona chikuyenda ngati mtsinje wofiira, ndicho chinawononga?

Ayi. Zimene anthu ambiri anaona pa wailesi yakanema ndi za phiri la Nyiragongo ku Congo, limene chiphalaphala chake ndi chamadzimadzi ndipo chimathamanga. Cha Mount St. Helens nthawi zambiri chimakhala cholimba ngati nsima yokhwima, sichiyenda patali, ndipo chimatsekera mpweya mkati mpaka kuphulika. Zimene zinawononga ndi kugumuka kwa phiri ndi mpweya wotentha zimene ndafotokoza pamwambapa, kuwonjezera pa matope. Kutentha kunasungunula madzi oundana amene anali pamwamba pa phiri, madziwo anasakanikirana ndi phulusa, ndipo matope olemera ngati konkire yosauma anatsika m'mitsinje atanyamula mitengo, milatho ndi nyumba. Amene anamva za napolo wa ku Phalombe mu 1991, kapena za matope amene anatsika m'phiri la Soche pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ali ndi chithunzi cha zimenezi. Nyumba pafupifupi 200 zinawonongeka, ndipo matope ena anakafika mumtsinje wa Columbia n'kutsekereza sitima zapamadzi.

Anafa anthu angati, ndipo n'chifukwa chiyani sanathawe ataona zizindikiro?

Anafa anthu 57. Boma linali litatseka malo oyandikana ndi phiri, koma malire amene anaikidwa anali aafupi poyerekeza ndi pamene mpweya wotenthawo unakafika, moti ambiri mwa amene anafa anali kunja kwa malo oletsedwa, akuganiza kuti ali patali mokwanira. Mmodzi wa iwo anali David Johnston, katswiri wa zaka 30 wa bungwe la boma loona za miyala ndi nthaka la USGS, amene ankayeza phirilo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 10. Wina anali Harry Truman, nkhalamba ya zaka 83 imene inali ndi nyumba ya alendo m'mbali mwa nyanja ya Spirit Lake ndipo inakana kusamuka. Chikhala kuti linali tsiku la ntchito, imfa zikanachuluka kwambiri, chifukwa odula mitengo ambiri akanakhala ali m'nkhalangomo.

Munthu akafika lero amaona chipululu kapena nkhalango?

Amaona zonse ziwiri, ndipo nthawi zina pa mtunda umodzi womwewo. Ine ndinapita ndikuyembekezera phulusa lokhalokha, chifukwa zithunzi za m'buku limene ndinkaphunzitsira zinali za chaka cha 1980, koma kwa nthawi yaitali galimoto inkayenda m'nkhalango yobiriwira ya mitengo italiitali. Pafupi ndi phiri mitengo ija inatha mwadzidzidzi, ndipo tinalowa m'dera la zitsamba, udzu ndi maluwa ofiira ndi a buluu, lokhala ndi zikuni zoyera zogona pansi, zonse zitaloza mbali imodzi monga mmene mpweya unazigwetsera. M'zigwa zonyowa mwadzaza mitengo ya alder ndi misondodzi yothithikana moti munthu sangadutse. M'mitunda yoyang'anizana ndi chidzenje nthaka ikadali yotuwa, ndipo kumunsi kwenikweni kwa chidzenjecho zomera zili patalipatali. Palinso nyanja zatsopano, Coldwater Lake ndi Castle Lake, zimene kunalibe 1980 isanafike. Zinabadwa pamene dothi logumuka linatseka timitsinje.

Kodi zamoyo zinabwerera bwanji pamalo amene anapsa chonchi?

Ili ndi funso limene ndimakonda kuliyankha, chifukwa yankho lake linadabwitsa ngakhale akatswiri. Poyamba ankaganiza kuti malo onse afa, ndipo moyo udzalowa pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete, mbewu zikuuluzika ndi mphepo. Atapita kukafufuza anapeza kuti m'malo ambiri moyo sunali utachoka konse, unali utangobisala.

Zambiri zinadalira tsiku ndi ola. Mwezi wa May kumapiri a kumeneko chipale chofewa chimakhala chisanasungunuke, choncho timitengo ting'onoting'ono timene tinali titakwiririka m'chipalecho tinatetezeka pamene mitengo ikuluikulu inkagwa pamwamba pake. Nyanja zina zinali zitaundana pamwamba, ndipo nsomba ndi achule amene anali pansi pa madzi oundanawo anapulumuka. Popeza kunali kutacha, nyama zoyenda usiku zinali zitalowa kale m'mauna mwawo. Mbalame zambiri zimene zimabwera m'chilimwe zinali zisanafike. Zimene zinali poyera ndizo zinatha: nyama zikuluzikulu pafupifupi 7,000, monga agwape, zimbalangondo ndi elk, nyama ya nyanga zanthambi imene msinkhu wake umaposa wa mphalapala.

Pakati pa zopulumukazo pali kanyama kotchedwa pocket gopher, kamene khalidwe lake ndi la mfuko ndendende. Mlimi aliyense wa mbatata kapena chinangwa kuno amadana ndi mfuko, ndipo alimi a kumeneko amadananso ndi kanyamaka, koma pa phiri lija kanagwira ntchito ya khasu. Pokumba mauna ake kankatulutsa dothi lakale lachonde, pamodzi ndi mbewu ndi tizilombo tothandiza mizu, n'kuliunjika pamwamba pa phulusa, ndipo pa timilu timeneto ndi pamene zomera zinkayambira. Ndinagwada pafupi ndi kamulu kamodzi m'mbali mwa njira: dothi lake linali loderapo kusiyana ndi phulusa lozungulira, ndipo m'mphepete mwake munali timasamba tanthete. Ma elk atabwerera, ziboda zawo zinkaswa chikhakha cholimba cha phulusa, ndipo ndowe zawo zinkabweretsa mbewu ndi manyowa. Zikuni zogwa zija nazo zinkapereka mthunzi, kusunga chinyezi ndi kukola mbewu zouluzika.

Kwa ife a kum'mawa kuno zimenezi siziyenera kukhala zachilendo. Tchire likapsa m'chilimwe, sipapita milungu yambiri lupsa lisanaphukire, ndipo m'malo amene anthu anadula mitengo yootcha makala, zitsa zikasiyidwa osazulidwa, mphukira zimatuluka pazokha mvula isanagwe. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Mount St. Helens akatswiri akhala akuyeza ndi kulemba zimenezi chaka ndi chaka kuyambira 1980.

Nanga pamene panalibe chopulumuka chilichonse?

Malo otere alipo. Pakati pa chidzenje ndi Spirit Lake pali chidikha chotchedwa Pumice Plain, chimene chinakwiririka ndi miyala ndi phulusa lotentha madigiri mazanamazana, moti sipanatsale mbewu, muzu kapena dothi lakale. Pamenepa moyo unayambadi kuchokera kunja, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero pakuoneka potuwa kuposa pena paliponse.

Chomera chimene chinatsegula njira ndi prairie lupine, kachitsamba kafupi ka maluwa a buluu ka m'banja la nyemba. Mofanana ndi nandolo, nsawawa ndi mtengo wa msangu, mizu yake ili ndi timatuza tokhala ndi tizilombo totenga chakudya cha nayitirojeni mumpweya, choncho kamatha kumera pamene palibe chonde. Kakafa kamasiya manyowa pang'ono pamene udzu ndi zomera zina zimagwira. Mtengo wa alder umachitanso chimodzimodzi m'malo onyowa. Mphepo nayo inkagwetsa tizilombo ndi akangaude ambirimbiri pa chidikhacho, ndipo ngakhale ambiri ankafa, matupi awo ankawonjezera chakudya m'nthaka. Alimi amene anadzala gliricidia kapena kusiya misangu m'minda mwawo amamva msanga ndikafika pa mfundo imeneyi.

Kodi anthu sanadzale mitengo kuti athandize?

Anadzala m'malo ena, ndipo ena anawasiya dala. Mu 1982 boma la United States linapatula malo okwana maekala 110,000 n'kuwatcha Mount St. Helens National Volcanic Monument, ndi lamulo lakuti chilengedwe chisiyidwe kuti chichire pachokha. Kunja kwa malire amenewo, kampani ya matabwa ya Weyerhaeuser inatola mitengo yogwa imene ikanagulitsika, ndipo inadzala mbande pafupifupi 18 miliyoni. Nkhalango yobiriwira imene ndatchula kuti tinadutsa poyamba ndi imeneyo. Malire a mbali ziwirizi amaoneka ndi maso. Mbali yodzalidwa ili ndi mitengo italiitali yofanana msinkhu, ngati munda wa bulugama, ndipo pansi pake pali mdima. Mbali yosiyidwa ndi yosalongosoka, koma ili ndi mitundu yambiri ya maluwa, mbalame ndi tizilombo. Amene akufuna matabwa adzayamikira mbali yoyamba, ndipo sindingawatsutse; ine mtima wanga unatsalira mbali yachiwiri.

Kodi n'zoona kuti mitengo imene inagwa mu 1980 ikuyandamabe pa nyanja?

N'zoona. Dothi logumuka litagwera mu Spirit Lake, madzi anakankhidwira m'mapiri mamita oposa 200, ndipo pobwerera anakokolola mitengo masauzande. Zikuni zambiri zikadali pamadzi mpaka lero, zoyera ngati mafupa, ndipo mphepo imazikankhira uku ndi uku. Nyanjayo inakwera mamita pafupifupi 60, ndipo miyezi yoyamba madzi ake anali akuda, onunkha ndi opanda mpweya wabwino. Patapita zaka zochepa anayera, ndipo mu 1993 munapezekanso nsomba za mtundu wa trout. Popeza njira yake yakale yotulukira madzi inatsekeka, mu 1985 mainjiniya a asilikali anaboola ngalande ya makilomita pafupifupi 2.6 pansi pa phiri lina lapafupi kuti nyanjayo isasefukire n'kumiza midzi ya kumunsi. Malo abwino oonera zikunizi ndi Windy Ridge, mbali ya kum'mawa.

Kodi phirili lingaphulikenso? Si kuika moyo pachiswe kupita kumeneko?

Lidzaphulikanso, chifukwa chimene chimalidyetsa sichinathe: pansi pa nyanja yamchere ya Pacific, chibenthu cha nthaka chotchedwa Juan de Fuca chikulowa pansi pa cha North America, ndipo miyala imasungunuka kumeneko. Kuyambira 1980 mpaka 1986, ndiponso kuyambira 2004 mpaka 2008, chiphalaphala cholimba chinkatuluka mwakachetechete n'kuunjikana mkati mwa chidzenje. Chodabwitsa n'chakuti m'chidzenje momwemo, chifukwa cha mthunzi wa makoma ake, mwakula mtsinje wa madzi oundana umene wazungulira milu ya miyalayo.

Komabe nthawi zambiri phiri silidzuka popanda chizindikiro, ndipo ofesi ya USGS mumzinda wa Vancouver, m'chigawo chomwecho cha Washington, imaliyang'anira usana ndi usiku ndi zipangizo zoyezera zivomerezi, mpweya ndi kutupa kwa nthaka. Zinthu zikasintha njira zimatsekedwa. Zoopsa zenizeni kwa mlendo ndi zazing'ono kuposa pamenepo: dzuwa pamalo opanda mthunzi, ludzu, ndi kusintha kwa nyengo mwadzidzidzi.

Munthu wochokera ku Chipata angafike bwanji?

Choyamba ndi viza, imene imafuna kukaonekera ku ofesi ya kazembe wa United States ku Lusaka. Malamulo ake akhala akusintha; mwachitsanzo, mu August 2025 dzikolo linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa nzika za Zambia ndi Malawi zopempha viza yokacheza. Fufuzani malamulo a nthawi imene mukufuna kupita musanagule tikiti. Palibe ndege yochoka ku Lusaka kapena ku Lilongwe molunjika ku America, choncho mumasintha ku Addis Ababa, Doha, Dubai kapena Johannesburg, n'kukatera ku Seattle kapena ku Portland.

Kuchokera pamenepo pafunika galimoto, chifukwa kulibe minibasi zopita kuphiri ngati za ku Mfuwe. Njira yotchuka imapatuka pa msewu waukulu wa Interstate 5 pa tauni ya Castle Rock n'kutsata msewu wa 504. Kumapeto kwa msewuwu kuli Johnston Ridge Observatory, nyumba yoonerapo imene inatsegulidwa mu 1997 pafupi ndi pamene David Johnston anafera. Ife tinafika pamenepo, koma mu May 2023 matope anagumula mlatho wa pa msewuwo ndipo nyumbayo inatsekedwa, choncho funsani ngati yatsegulidwa. Mbali ya kum'mawa ku Windy Ridge ndi ya kumwera kudzera pa tauni ya Cougar zili ndi misewu yakeyake, ndipo kuzungulira kuchoka mbali ina kupita ina kumatenga maola.

Nthawi yabwino ndi iti, ndipo munthu anyamule chiyani?

Kuyambira July mpaka September, pamene kuno kuli chisanu ndi fumbi, kumeneko ndi chilimwe, misewu ya m'mapiri imakhala yotseguka ndipo maluwa amachuluka mu July. Nyamulani madzi ambiri, chipewa, nsapato zolimba ndi jekete, ndipo onani za nyengo m'mawa wa tsikulo. Mitambo ikatsika, munthu angayende mtunda wonsewo n'kubwerera osaliona phirilo.

Kodi amaloleza kukwera mpaka pamwamba?

Amaloleza, koma aliyense wopitirira mamita pafupifupi 1,460 ayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo kuyambira April mpaka October chiwerengero cha okwera pa tsiku chimakhala ndi malire. Njira ya m'chilimwe ndi ya Monitor Ridge, mbali ya kumwera, makilomita pafupifupi 16 kupita ndi kubwerera, kudutsa m'miyala ikuluikulu kenako m'phulusa limene limabweza phazi m'mbuyo. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Pamwamba munthu sayenera kuyandikira m'mphepete mwa chidzenje, chifukwa chipale cholendewera pamenepo chimagumuka. Ine mawondo anga sanandilole. Kwa okalamba anzanga, mbali yomweyo kuli Ape Cave, phanga la makilomita pafupifupi anayi limene chiphalaphala chinasiya zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Mkati mwake ndi mozizira ndi mwamdima, choncho pafunika tochi ndi juzi.

Munatibweretsera mwala kapena phulusa la kumeneko?

Sindinabweretse, ndipo n'koletsedwa. Kutola miyala, kuthyola maluwa ndi kupatuka panjira m'malo otetezedwa kuli ndi chindapusa, chifukwa phazi limodzi lingaphe chomera chimene chatenga zaka kuti chigwire, ndiponso akatswiri ali ndi malo awo oyezera ponseponse. Ndinangonyamula kamwala ka pumice m'manja n'kukabwezera pomwepo. Ndi kopepuka modabwitsa, kodzaza timabowo, ndipo ndi mtundu womwewo wa mwala umene ena amagula m'sitolo wokwechera zidendene.

Kodi phulusa la phiri ndi feteleza, monga phulusa la nkhuni?

Dzina lokha ndilo likufanana. Phulusa la nkhuni ndi zotsala za chomera chopsa, pamene la phiri ndi mwala ndi galasi zoperapera, lokhakhala ngati mchenga, ndipo limawononga mapapo, injini ndi madenga. Likangogwa lilibe nayitirojeni, n'chifukwa chake zomera za m'banja la nyemba zimene ndafotokoza pa funso la Pumice Plain zinali zofunika kwambiri. Chonde chimene mapiri ophulika amatchuka nacho chimabwera patapita zaka mazana kapena masauzande, mvula ndi mizu zitafumbutsa mwalawo.

Kodi mapiri a kuno, monga Kanjala, angaphulike? Nanga kulibe phiri lotere pafupi?

Mapiri ozungulira Chipata ndi a miyala yakalekale imene inazizira pansi pa nthaka, ndipo m'Zambia mulibe phiri lophulika lamoyo. Chigwa cha Luangwa chinapangidwa ndi kung'ambika kwa nthaka, ndipo akasupe otentha a Chichele, m'dera la Nsefu, amasonyeza kuti madzi amatsika m'ming'alu mpaka pa miyala yotentha, koma zimenezo sizitanthauza kuti pali chophulika.

Nyiragongo, limene linaphulika mu 1977, 2002 ndi 2021, lili pafupi ndi mzinda wa Goma, koma chifukwa cha nkhondo ya m'deralo sindingalangize aliyense kupitako. Apafupi ndiponso ofikika ndi mapiri a kumwera kwa Tanzania, m'dera la Mbeya: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo, limene linatulutsa chiphalaphala komaliza cha m'ma 1800. Kuchokera ku Chipata munthu angadutse pa Mwami, n'kulowera ku Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga, kuwoloka malire pa Songwe n'kukwera mpaka ku Tukuyu, ulendo wonse wa pa basi. Ku Tukuyu nthochi ndi tiyi zimamera pa dothi lakuda limene linachokera ku phulusa la mapiri omwewo, ndipo pa Ngozi pali njira yokwera m'nkhalango yothithikana imene imakathera m'mphepete mwa chidzenje, pamene munthu amasuzumira nyanja yobiriwira pansi pake.